Maiki ya woimba wathu imangolira tikakweza: tigule iti?

Wabass_Wotopa

Moni nonse. Ndikupempha nzeru kwa inu amene mumadziwa za saundi ya pasiteji. M'bandi yathu tilimo asanu ndi mmodzi: woimba ng'oma, ine pa bass, wa gitala amene ali ndi ampu yakeyake pasiteji, wa kiyibodi, mtsikana wotsogolera nyimbo ndi mnyamata wopolokozera. Mikisa yathu ndi ya analog ya matchanelo 12, tili ndi mamonita awiri apansi (masipika oloza kwa oimba kuti azidzimva) ndi graphic EQ imodzi (chipangizo chokwezera kapena kutsitsira mbali zosiyanasiyana za mawu) ya timabatani 31 imene sitiigwiritsa ntchito kwenikweni.

Vuto lili pa mawu a mtsikanayu. Amaimba bwino, koma mawu ake ndi ofewa, ndipo ng'oma zikangoyamba iye amamira. Tikakweza tchanelo chake, maiki imalira mpaka anthu kutseka makutu. Maiki imene tili nayo ilibe dzina lodziwika, inabwera pamodzi ndi sipika ina, ndipo chingwe chake ndi cha XLR mbali imodzi, mbali inayo jack. Iye amaigwira m'manja, amayendayenda nayo, ndipo nthawi zambiri imakhala patali ndi pakamwa ngati kutalika kwa chikhatho.

Ena akutiuza kuti tigule Shure SM58 chifukwa ndi imene aliyense amagwiritsa ntchito. Ena akuti Beta 58A kapena Sennheiser e945 chifukwa akuti sizilira. Wina wati mawu ofewa amafuna maiki ya mtundu wa condenser. Ndalama zilipo zogulira imodzi yabwino basi, choncho sitikufuna kuphonya. Titenge iti, ndipo chifukwa chiyani?

WapaMikisa

Achimwene, tiyambe ndi kuchotsa maganizo akuti pali maiki imene siilira. Kulira kumabwera mawu otuluka mu sipika akabwerera mu maiki ali ndi mphamvu yofanana kapena yoposa imene analowa nayo poyamba. Akatero amazungulira, akumakula pa ulendo uliwonse. Maiki ina iliyonse mukaikweza mokwanira idzafika pamenepo. Chimene mukugula ndi mpata wa pakati pa mawu a woimba ndi phokoso lina lonse lofika pa maikiyo, ndipo mpata umenewu umadalira kwambiri mbali imene maikiyo imamva ndi mbali imene ndi yogontha.

Tayerekezani wotchi itagona, pakamwa pa woimba pali pa 12, maiki ili pakati. SM58, Sennheiser e835 ndi e935 ndi za cardioid. Zimamva bwino kutsogolo, pa 3 ndi pa 9 zimatsika ndi 6 dB (dB ndi muyeso wa mphamvu ya mawu), ndipo zimagontha kumbuyo kwenikweni, pa 6. Beta 58A, e845 ndi e945 ndi za supercardioid. M'mbali zimatsika kwambiriko, pafupifupi 9 dB, koma malo ake ogontha si kumbuyo ayi, ali cha pa 4 ndi pa 8, madigiri pafupifupi 125 kuchokera kutsogolo. Kumbuyo kwenikweni zimamvako pang'ono. Za hypercardioid, monga Audix OM5 ndi OM7, m'mbali zimatsika ndi 12 dB, zimagontha cha pa madigiri 110, koma kumbuyo zimamva kwambiri ndithu, zimangotsika ndi 6 dB yokha.

Apa ndi pamene anthu ambiri amadziwombera okha. Munthu amagula Beta 58A, n'kuloza mchira wake pa monita monga ankachitira ndi SM58, kenako n'kumadabwa kuti yatsopanoyo ikulira msanga kuposa yakale. Wailoza monita pamalo pamene maikiyo ili ndi khutu. Lamulo lake ndi ili: ngati ndi cardioid, monita imodzi kutsogolo kwa woimba, mchira wa maiki uloze pa sipika ya monitayo. Ngati ndi supercardioid, mamonita akhale cham'mbali, ina kumanja ina kumanzere, pa 4 ndi pa 8. Kumbukiraninso kuti kugontha kumeneku sikuli kumanja ndi kumanzere kokha, kumazungulira maiki yonse ngati mkombero, pansi ndi pamwamba pomwe. Ndiye ngati muli ndi monita imodzi pansi kutsogolo, supercardioid igoneke mopingasa, yolunjika pakamwa, mchira uloze kwa anthu. Monitayo idzagwera cha pansi pa mchira, pafupi ndi malo ogontha aja. Cardioid ndiye imafuna kupendekera, mchira pansi.

Tsopano pa siteji yanu. Muli ndi ng'oma zenizeni ndi ampu ya gitala, phokoso lochokera m'mbali ndi lambiri. Ine ndikanatenga maiki ya dynamic (ya koyilo ndi maginito m'kati) ya supercardioid. Pakati pa Beta 58A ndi e945 kusiyana kwagona pa kamvekedwe: Beta 58A imakweza kwambiri mawu apamwamba, motero imaboola bwino phokoso la bandi, koma pa munthu wa mawu akuthwa kale imalasa m'makutu. e945 ambiri amaimva yosalala pamwamba ndi yodzaza pakati. Zimenezi palibe angakusankhireni pa intaneti, ziyesedwe ndi mawu a mtsikanayo.

Chinthu china chosokoneza: mudzamva kuti Beta 58A ndi yamphamvu kuposa SM58. N'zoona, maginito ake ndi a neodymium ndipo imatulutsa 3 kapena 4 dB kuposa inzakeyo. Koma zimenezo sizikhudza kulira ngakhale pang'ono. Zingotanthauza kuti gain (mphamvu imene maiki imakwezedwa nayo polowa) pa mikisa mudzaitsitsa pang'ono. Mphamvu imeneyo imakweza mawu a woimba ndi phokoso la monita mofanana. OM7 inapangidwa dala kuti izitulutsa mphamvu yochepa, ndipo ndi imodzi mwa zimene zimapirira pa siteji yaphokoso zedi, bola woimba akhale atamamatira pa maikiyo.

Musanagule kanthu, tayani chingwe chija. Cha XLR kupita ku jack chimalowa pa line input, pamene sipayembekezera mphamvu yochepa ya maiki, ndiye mumakakamiza fader ndi master mpaka kumapeto, n'kukweza ndi mkokomo womwe. Nthawi zambiri chimakhalanso unbalanced, chimatola phokoso la magetsi. Pezani cha XLR mbali zonse, chamapini atatu: pini 1 ndi ground, 2 ndi 3 zimanyamula mawu. Mwina mudzapeza kuti theka la vuto linali pamenepo.

MayiAlto

Zimene alemba a WapaMikisa za malo a monita ndi zoona zonse, koma pa maiki imene asankha ndikusiyana nawo, ndipo chifukwa chake chili m'funso lomwelo: mtsikanayu amayendayenda, amaigwira m'manja, ndipo imakhala patali ndi pakamwa.

Tiwerengere. Mukachulukitsa kawiri mtunda wa pakati pa pakamwa ndi maiki, mawu amatsika ndi 6 dB. Kuchoka pa masentimita 3 kufika pa 6, mwataya 6 dB. Kufika pa 12, mwataya 12 dB. Kutalika kwa chikhatho ndi kuposa pamenepo. Koma ng'oma ndi monita sizinasunthe, zikulowabe ndi mphamvu yomweyo. Wapamikisa amabweza 12 dB yotayikayo pokweza gain, ndipo akatero wakweza ng'oma, gitala ndi monita ndi 12 dB yomweyo. Tsono yerekezani ndi phindu la kusintha mtundu wa maiki. Pa phokoso lochokera mbali zonse, monga lobwerera kuchokera ku makoma ndi kudenga, cardioid imakana 4.8 dB, supercardioid 5.7 dB, hypercardioid 6 dB. Kusiyana kwake ndi 1 dB. Ndiye kusuntha dzanja masentimita ochepa kumapindula kakhumi kuposa kusintha maiki. Nkhani yagona pamenepo.

Komanso supercardioid siikhululuka. Malo ake omvera bwino ndi opapatiza. Woimba akatembenuza mutu kuyang'ana wa kiyibodi, dzanja n'kutsalira, mawu amazimirira pakati pa mzere. Ndipo malo ogontha aja a pa 4 ndi pa 8 ali ndi ntchito maiki ikakhala pa sitandi yosasuntha. Ikakhala m'manja mwa munthu wovina, mchira ukuloza uku ndi uko mphindi iliyonse. Kwa woimba wotere cardioid monga SM58 kapena e935 imamulekerera zambiri. SM58 inatuluka mu 1966 ndipo ikadalipo pa masiteji mpaka lero, osati chifukwa imamveka bwino kuposa zonse, koma chifukwa aliyense wokhala pa mikisa amadziwa khalidwe lake, imapirira kugwa, ndipo zipangizo zake zimapezeka. Pamwamba imalekera pa 15 kHz, ndipo pa siteji ya ma cymbal aphokoso zimenezo ndi mwayi, osati chilema. Kwa mawu ofewa a mkazi, ine ndingayambe kuyesa e935, chifukwa imatulutsa zilembo momveka popanda kufuna EQ yambiri.

Zoti mtsikanayu aphunzire ndi zochepa. Milomo ikhale pafupi kukhudza kachisoti ka waya, mpata wa zala ziwiri usapitirire. Maiki iloze m'kamwa, osati kuima chilili pansi pa chibwano ngati kandulo, chifukwa ikatero mawu amadutsa pamwamba pake, iyo n'kumamvera denga. Akafika pa noti yokuwa aisunthe pang'ono chabe, masentimita 5 akwana, osati kutambasula mkono wonse. Akasiya kuimba asaigwetse m'chiuno mutu utaloza pansi, chifukwa pamenepo ndiye yalunjika pa monita. Aigwire pachifuwa, mutu m'mwamba.

Ndipo asafumbate mutu wa maiki. Anthu amaona ngati n'kutchena, koma maiki imadziwa kutsogolo ndi kumbuyo chifukwa cha timabowo tili kuseri kwa capsule (mtima wa maiki umene umatola mawu), m'munsi mwa kachisoti. Mawu ochokera kumbuyo amalowa mbali ziwiri za kakhungu kopyapyala kamene kamanjenjemera m'katimo, n'kufafanizana. Mukatseka timaboowo ndi chikhatho, maikiyo imayamba kumva mbali zonse, mawu amamveka ngati munthu akuimbira m'chitini, ndipo kulira kumabwera nthawi yomweyo. Ngakhale mutagula yodula motani, chikhatho chimodzi chimafafaniza zonse zimene mwalipira.

Akayandikira chotere mudzaona kuti mawu anenepa, ayamba kugunda pansi. Ndi khalidwe la maiki iliyonse yomva mbali imodzi: gwero la mawu likayandikira, mawu apansi amakwera. Musamubwezenso kutali. Dinani batani la low cut pa tchanelo chake, limene pa mikisa ya analog limadula cha pa 75, 80 kapena 100 Hz, ndipo ngati pakufunikabe, tsitsani kabatani ka low ndi 3 dB. Mawu a mkazi kawirikawiri satsika kupitirira 160 Hz, ndiye zonse zapansi pamenepo ndi bass yanu, ng'oma yaikulu ndi kugwedezeka kwa dzanja.

Wabass_Wotopa

Zikomo kwambiri nonse awiri. Za chingwe sindinaziganizepo n'komwe. Mafunso awiri atsala. Nanga za condenser zija, n'zabodza kuti imathandiza mawu ofewa? Mikisa yathu ili ndi batani limodzi la 48V (magetsi amene condenser imafuna) la matchanelo onse, kodi silingaotche mamaiki enawo? Chachiwiri, popeza amayendayenda, iye mwini akufuna yopanda chingwe. Tiganizireko?

Nthambo48V

Achimwene, za condenser si bodza lenileni, koma anakuuzani theka. Mu dynamic, kakhungu kamamatidwa ku koyilo ya waya imene imayenda m'kati mwa maginito, ndiye n'kolemerako. Mu condenser mulibe koyilo, kakhunguko n'kopepuka zedi, motero kamatsatira tinthu ting'onoting'ono: mpweya wa m'mawu, mathero a zilembo, mawu apamwamba mpaka 20 kHz. Pa nyimbo yofatsa ya piyano kapena gitala ya bokosi, Shure Beta 87A kapena Neumann KMS 105 imamveka mokoma kwambiri pa mawu ofewa. Koma maiki siidziwa kuti uyu ndi woimba, iyi ndi cymbal. Kuwala komweko kumene imapereka ku mawu imaperekanso ku hi-hat ndi crash zimene zili mamita awiri kumbuyo kwa mutu wa mtsikanayo, ndipo kumeneko ndi kumene maiki yaloza. Iye akangopatuka pang'ono, tchanelo chake chimasanduka maiki ya ng'oma. Pa bandi yokhala ndi mamonita apansi ndi ampu yosokosera, condenser ndi ndalama zogulira mavuto. Imayamba kupindula bandi ikasamukira ku zomvera za m'makutu, siteji n'kukhala chete. Imadananso ndi chinyezi kuposa dynamic: malovu ndi thukuta zikalowa, imayamba kuthetheka.

Pa mfundo yomweyi, taonani pamene mtsikanayu amaima. Ngati ali pakati penipeni, kutsogolo kwa ng'oma, musuntheni mita imodzi kapena iwiri cham'mbali, kapena musunthe ng'omazo zipite pakona. Ampu ya gitala isaloze kumsana kwake. Ikwezeni pampando kapena ipendekeni iloze kumutu kwa mwini wake. Wa gitala amakweza chifukwa sipika yake ikuimbira mawondo ake, iye sakuimva. Ikamuloza m'makutu amatsitsa yekha.

Za 48V musade nkhawa. Mphamvuyo imapita yofanana pa pini 2 ndi pini 3, ndiye koyilo ya dynamic, imene ili pakati pa mapini awiriwo, siiona kusiyana kulikonse ndipo palibe magetsi odutsamo. Izi zili choncho chingwe chikakhala cha XLR cholumikizidwa bwino. Choopsa ndi chingwe chimene wina anachiwotcherera molakwika, pini 3 n'kukhudzana ndi pini 1, kapena chipangizo cha unbalanced, monga foni kapena laputopu, cholowetsedwa pa XLR kudzera pa adaputa. Yesani chingwe chilichonse ndi multimeter: 1 ipite ku 1, 2 ku 2, 3 ku 3, ndipo pasakhale pini yokhudzana ndi inzake. Poyatsa kapena pozimitsa 48V, tsitsani kaye master ndi mamonita, chifukwa kuphulika kumene kumamveka kungathe kuononga ma tweeter, timasipika ta mawu apamwamba. Ngati palibe condenser kapena DI (kabokosi kolumikizira chida monga bass ku mikisa) yofuna magetsi, batanilo lingokhala lozimitsa.

Yopanda chingwe ndiye ndikuti dikirani. Ndalama zimene zingagule maiki ya chingwe yapamwamba zimangogula yopanda chingwe yapansi, ndipo mumalandira capsule wamba pamodzi ndi mavuto atsopano. Siichepetsa kulira. Imakuwonjezera, chifukwa woimba tsopano ali ndi ufulu wopita kutsogolo kwa masipika aakulu. Ngati mudzafikepo m'tsogolo, yang'anani izi. Capsule ikhale yomwe munaiyesa kale n'kuikonda pa ya chingwe, poti makampani amagulitsa mitu yomweyo, monga SM58, Beta 58A, e835 ndi e945, pa zogwirira zopanda chingwe. Risiva ikhale ya diversity, ya tinyanga tiwiri, kuti kamodzi kakataya siginolo kena kagwire. Ikhale yotha kusintha frequency, ndipo mufufuze kuti ndi ma frequency ati ololedwa m'dziko lanu, chifukwa malamulo ake amasiyana dziko ndi dziko. Za 2.4 GHz n'zosavuta kuyatsa, koma zimalimbirana malo ndi Wi-Fi, ndiye zimene zinayenda bwino holo ili yopanda anthu zingayambe kudukaduka anthu atadzaza ndi mafoni awo. Risiva muiike pambali pa siteji, pamwamba, pamene ikuonana ndi woimba, osati pansi pa tebulo kuseri kwa khamu, chifukwa matupi a anthu amameza siginolo. Kanyanga ka chogwirira kali kumchira, dzanja lisakatseke. Pa chogwirira palinso gain yakeyake: ikakhala yokwera kwambiri mawu amasweka asanafike n'komwe pa mikisa, ndipo palibe batani la pa mikisa lingakonze zimenezo. Mabatire atsopano pa shoo iliyonse, ndi maiki ya chingwe yolumikiza kale pambali.

Pakadali pano chingwe cha mamita 10 chimukwanira kuyenda siteji yonse. Achikulunge kamodzi pa chala cha dzanja logwira maiki kuti pulagi isamakokeke. Pewaninso mitundu yokhala ndi switchi, monga SM58S. Woimba amaizimitsa osadziwa, wapamikisa n'kukweza gain kufunafuna mawu, ndipo ikayatsidwanso holo yonse imalira.

WapaMikisa

Mayi, pa nkhani ya mtunda mwanena zoona, ndavomera. Ngati sangazolowere kumamatira pa maiki ndi kuyenda nayo pamodzi ndi mutu, cardioid ndi imene ingamuthandize. Ndingowonjezera kuti akadzazolowera, supercardioid pa siteji yopapatiza, pamene ampu ili pambali penipeni, phindu lake limaposa 1 dB ija, chifukwa phokoso la ampuyo likuchokera mbali imodzi, osati mbali zonse. Ndiye achimwene, bwerekani kapena pangani hayala mitundu iwiri kapena itatu tsiku la pulakatisi, muyese motere.

Gwiritsani ntchito chingwe chimodzi ndi tchanelo chimodzi, EQ yonse pakati, low cut yoyatsa, reverb yozimitsa. Pa maiki iliyonse, mtsikanayo aimbe gawo lokuwa kwambiri la nyimbo, inu mudine PFL (batani lomvera ndi kupimira tchanelo chimodzi chokha) n'kukweza gain mpaka mita izifika pa 0, osayatsa nyali yofiira. Musadumphe sitepe imeneyi. Khutu limanamiza, maiki yokwera ndi 2 dB yokha imamveka ngati yabwino kuposa inzake. Kenako aimbe nyimbo yomweyo ndi bandi yonse pa mphamvu ya tsiku la shoo, osati ya pulakatisi, wina aime kumapeto kwa holo amvere ngati zilembo zikumveka. Mawu okoma amene simukumva chimene akunena alibe ntchito. Akatero asiye kuimba, aime pomwepo bandi ikupitiriza, inu mumvere tchanelo chake chokha pa mahedifoni. Chimene mukumvacho ndi phokoso limene maikiyo imalowetsa mu mix nthawi zonse. Yesaninso kugwedeza ndi kusinthanitsa manja, mumve kugunda kwa chogwirira, ndiponso anene mawu a p ndi b ambiri, monga pepani bambo, mumve ngati mpweya ukuphulika. Pomaliza ikani maiki pa sitandi pamalo ake, kwezani monita pang'onopang'ono mpaka iyambe kulira, lembani pamene kabataniko kafika. Sunthani monita igwirizane ndi mtundu wa maiki musanayese inzake, apo ayi mpikisano wake sukhala wachilungamo.

Mukasankha, graphic EQ ija imene yangokhala ilowe pakati pa aux (potulukira mawu a mamonita pa mikisa) ndi ampu ya mamonitawo. Timabatani tonse tiyambire pa 0. Kwezani monita mpaka noti imodzi iyambe kulira chapansipansi, pezani kabatani kake, katsitseni ndi 3 dB. Kwezaninso, ina idzatuluka, chitani chimodzimodzi. Kulira konga mluzu wakuthwa kumakhala cha pa 2 mpaka 4 kHz, kong'ung'udza ngati m'mgolo kumakhala cha pa 250 mpaka 500 Hz, koswa makutu kopyapyala cha pa 6 mpaka 8 kHz. Ngati muli ndi pulogalamu ya pafoni yoonetsa ma frequency, idzakulozerani msanga. Mukadula malo anayi kapena asanu, lekani. Kupitirira pamenepo mwangotsitsa monita yonse n'kuononga kamvekedwe kake. Mukamaliza bwezani mphamvu pansi ndi 3 mpaka 6 dB, ukhale mpata wosungira, chifukwa nkhope ya woimba, ngakhale chipewa chake, chikayandikira maiki chimabwezera mawu a monita m'katimo.

Mu monita ya mtsikanayu muikemo mawu ake ndi kiyibodi pang'ono, basi. Ng'oma akuzimva kale ndi msana. Reverb mu monita ayi. Ndipo maiki iliyonse yosagwira ntchito izimitsidwe pa mikisa: mukachulukitsa kawiri chiwerengero cha mamaiki otsegula, mumataya 3 dB ya mpata wanu usanafike pa kulira.

Chisoti_cha_Waya

Zazikulu zanenedwa, ine ndingokumbutsa za pogula ndi posamala. SM58, Beta 58A ndi e945 ndi zina mwa zimene amazikopera kwambiri, ndipo zachinyengo za masiku ano bokosi, kachikwama ndi mapepala zimafanana ndi zenizeni. Gulani kwa wogulitsa wovomerezeka ndi kampaniyo, mulandire risiti ndi waranti. Ngati mukugula yogwiritsidwapo kale ntchito, ikani pa sikelo: SM58 yeniyeni imalemera magalamu 298, zachinyengo zambiri zimapepuka. Koma umboni weniweni ndi khutu. Iyeseni pambali pa ina imene mukudziwa kuti ndi yeniyeni. Yachinyengo imagunda kwambiri mukaigwedeza m'manja, ndipo mukalankhulira kumchira kwake imamvabe, kusonyeza kuti malo ogontha aja mulibe. Imeneyo idzalira ngati yomwe muli nayoyi.

Maiki yakale imene yayamba kumveka ngati yafunditsidwa bulangeti nthawi zambiri siinafe, ndi siponji ya m'kachisoti imene yadzaza malovu ndi zopaka milomo. Masulani kachisotiko, tulutsani siponji, tsukani zonse ziwiri ndi madzi ofunda ndi sopo wochepa, waya wake mukwecheko ndi mswachi wakale. Ziume usiku wonse musanabwezere. Capsule yeniyeniyo isakhudze madzi. Kachisoti kakaphwanyika kasintheni, kamagulitsidwa pakokha, ka SM58 nambala yake ndi RK143G. Kanapangidwa kuti kaziphwanyika m'malo mwa capsule, koma kakabonyoka kwambiri kamasintha mtunda wa pakamwa ndipo mpweya umayamba kuphulika. Woimba aliyense akhale ndi yake ngati n'kotheka, chimfine chimayenda pa siponji imeneyi. Poyesa ngati ikugwira, lankhulani, osauzira mpweya kapena kuimenya ndi chala.

Chomaliza ndi cha inuyo achimwene ndi wa gitala, ngati mumapolokozerako. Mukagwira nsambo, milomo n'kukhudza maiki, n'kumva kunyerenyetsa kapena kuluma, lekani pomwepo. Vuto si maiki. Nsambo zalumikizika ku thupi la ampu, kachisoti kalumikizika ku ground ya mikisa, ndipo pakati pa ziwirizo pali magetsi amene akufuna njira, njirayo ndi inu. Kawirikawiri chimachititsa ndi pulagi kapena ekisitenshoni yopanda earth, kapena imene wina anathyola pini ya earth pofuna kuthetsa mkokomo. Ikani multimeter pa AC, nsonga ina pa nsambo, ina pa kachisoti ka maiki. Iwerenge pafupi ndi 0. Ikaonetsa ma volt ambiri, zimitsani ampuyo mpaka wamagetsi aione. Kuvala siponji pamwamba pa maiki kumangobisa kulumako, magetsiwo akadalipo pa chogwirira. Mikisa ndi ma ampu onse zidye magetsi pa gwero limodzi lokhala ndi earth, kudzera pa RCD (chodula magetsi akayamba kudutsa njira yolakwika) ya 30 mA, ndipo mkokomo muuthetse ndi batani la ground lift la pa DI, limene limadula pini 1 ya chingwe cha mawu yokha, osati earth ya magetsi.